Chotupa cha khansa chimaitana mitsempha ndi mawu amene mluza unaitanira

Chotupa cha khansa chikamayamba chimakhala kanthu kochepetsetsa, kosaposa kanjere ka mapira, ndipo chikhoza kukhala choncho kwa zaka mwini thupi osadziwa kanthu. Chimodzi mwa zinthu zimene zimachiletsa kukula ndi kusowa mpweya. Okosijeni akatuluka mumtsempha wa magazi sapita patali, amangofika mtunda wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Selo, kamodzi mwa tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi, likakhala kutali kuposa pamenepo limabanika. Choncho chotupa chopanda mitsempha yakeyake chimaima pa milimita imodzi kapena awiri: maselo a kunja akugawikana, a pakati akufa.

Dokotala wina wa opaleshoni ya ana ku Boston, Judah Folkman, analemba mu 1971 kuti chotupa chimene chakula n'kuyamba kuopseza moyo ndi chimene chakwanitsa kuitana mitsempha yatsopano kuti imere kulowera kumene chili. Anatinso tikatseka njira yoitanirayo, chotupacho chidzakhala ndi njala. Anzake ambiri sanamukhulupirire. Koma gulu lake linasonyeza zimenezi m'diso la kalulu: kachidutswa ka chotupa kakayandama m'madzi a m'diso, kutali ndi mitsempha, kankakhala kamoyo koma osakula. Kachidutswa komweko kakaikidwa pamalo pamene mitsempha ingathe kukafikira, kankatupa mofulumira m'masabata awiri okha.

Funso limene linatsala linali lakuti chotupa chimaitana bwanji, ndipo ndani amamva kuitanako. Yankho lomveka bwino kwambiri linachokera kumalo amene munthu sangaganizire msanga, m'mimba mwa mbewa ya bere.

Tisanafike kumeneko, pali mfundo imodzi yofunika kuimvetsa. Pafupifupi selo lililonse m'thupi la munthu lili ndi DNA yofanana, ndipo mu DNA muli majini pafupifupi 20,000 amene ali ndi malangizo opangira mapuloteni. Majini amenewa si mizimu ija ena amaitchula ndi dzina lomweli, koma tizigawo ta malangizo timene timatengera kwa makolo. Nanga ngati selo la chiwindi ndi selo la diso ali ndi malangizo amodzimodzi, n'chifukwa chiyani amasiyana chonchi? Taganizirani mpingo umene aliyense wanyamula buku la nyimbo lofanana. Bukulo lili ndi nyimbo mazanamazana, koma pamaliro pamatchulidwa manambala ena, paukwati ena. Selo nalonso silimaimba buku lonse. Limatsegula majini ena, n'kuwakopera mu timauthenga totchedwa RNA, ndipo kuchokera pa timauthengato mumapangidwa mapuloteni. Majini otsalawo amakhala otseka. Asayansi akamayeza RNA imene ili m'selo, amakhala akufunsa kuti selo limeneli likuimba nyimbo ziti pa nthawi ino, ndipo likuziimba mokweza bwanji.

Maselo amene nkhani ino ikuwatsata ndi aja amayala khoma la mkati mwa mtsempha uliwonse wa magazi, kuyambira mumtima mpaka mu timitsempha tosaoneka ndi maso. Amatchedwa maselo a endothelium. Mwa munthu wamkulu wathanzi maselo amenewa ndi odekha kwambiri, sagawikana kawirikawiri. Amadzuka pamene pali bala loti lipole, pamene chiberekero chikukonzanso khoma lake mwezi ndi mwezi, ndiponso pamene mayi watenga pakati. Koma mu mluza, ndiwo amisiri otanganidwa kuposa onse, chifukwa mtima ndi mitsempha ndi ziwalo zoyamba kugwira ntchito m'thupi limene likuumbidwa.

Chifukwa chake mbewa

Mbewa ya mu labotale si zija za kutchire zimene anyamata amakumba dzinja likatha. Ndi kambewa ka m'nyumba, kamene kakhala kakuwetedwa m'malo ofufuzira kwa zaka zoposa 100. Bere lake limatenga masiku 19 mpaka 21, choncho ulendo wonse wochoka pa dzira kufika pa mwana umaoneka m'masabata atatu. Majini ake ambiri ali ndi anzawo ofanana nawo mwa munthu. Chachikulu koposa, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinatheka kuchotsa jini limodzi lokha mu mbewa n'kuona chimene chisokonekere. Mario Capecchi, Martin Evans ndi Oliver Smithies analandira mphoto ya Nobel mu 2007 chifukwa cha luso limeneli.

Ofufuza amawerenga msinkhu wa mluza wa mbewa m'masiku ndi matheka a masiku. Cha pa tsiku la 7.5, m'kathumba kamene kamakuta mluza mumaoneka timagulu ta maselo tokhala ngati tizilumba: a pakati adzakhala magazi, a m'mphepete adzakhala khoma la mtsempha. Cha pa tsiku la 8.5 mtima wayamba kale kugunda. Kuchokera pamenepo mluza sungathenso kudalira mpweya wongolowerera wokha. Mitsempha ikalephera, imfa imabwera m'masiku awiri kapena atatu, ndipo tsiku limene mluza wafera limauza wofufuza ntchito imene jini lochotsedwalo linkagwira.

Puloteni yoitana mitsempha inali itapezeka kale. Mu 1983 gulu la Harold Dvorak ku Boston linapeza kuti zotupa zimatulutsa chinthu chimene chimachititsa mitsempha kuchucha madzi. Mu 1989 Napoleone Ferrara, wa kukampani ya Genentech ku California, anapatula puloteni yochititsa maselo a endothelium kugawikana, n'kuitcha VEGF. Zinadziwika kuti ziwirizi n'chinthu chimodzi. VEGF ndiye mfuu, ndipo pakhungu la selo la mtsempha pali mapuloteni ena amene ali ngati makutu omvera mfuuyo. Awiri odziwika kwambiri mu mbewa amatchedwa Flk-1 ndi Flt-1.

Mu 1995 ofufuza a ku Toronto, pamodzi ndi Janet Rossant, anachotsa makutu amenewa limodzilimodzi. Mbewa zopanda Flk-1 zinafera m'mimba pakati pa tsiku la 8.5 ndi la 9.5, zilibe tizilumba ta magazi tija, zilibenso mitsempha. Zopanda Flt-1 zinafanso pa msinkhu wofananawo, koma pa chifukwa chosiyana kotheratu: maselo a mitsempha analipo, ochuluka mopitirira, ataunjikana mopanda dongosolo. Patapita zaka zitatu gulu la Masabumi Shibuya ku Tokyo linadula mbali ya Flt-1 imene imatumiza uthenga mkati mwa selo, n'kusiya mbali yakunja yogwira VEGF, ndipo mbewazo zinabadwa zili ndi mitsempha yabwinobwino. Tanthauzo lake n'lakuti mu mluza ntchito yaikulu ya Flt-1 si kumva ayi, koma kumeza mfuu ina kuti isachuluke.

Chimene chinadabwitsa anthu kwambiri chinabwera mu 1996. Pafupifupi jini lililonse timakhala nalo pawiri, lina lochokera kwa mayi, lina kwa bambo, ndipo nthawi zambiri limodzi likawonongeka linzake limakwanitsa ntchito. Magulu awiri, la Peter Carmeliet ku Leuven m'dziko la Belgium ndi la Ferrara, anapeza kuti pa VEGF sizili choncho. Mluza wotaya kope limodzi lokha unkafa cha pa tsiku la 11 kapena 12, mitsempha yake ili yopunduka. Theka la mlingo silikwanira. Kenaka ena anasonyeza kuti kuonjezera mlingowo kawiri kapena katatu nakonso kumapha mluza. Kwa ine, apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Funso si lakuti jini latseguka kapena latseka basi, koma latseguka kufika pati, m'selo liti, pa tsiku liti. Mluza umasunga mlingo umenewu mosamala kwambiri. Chotupa sichisamala n'komwe.

Amene amatsegula jini la VEGF

Selo limadziwa bwanji kuti likufunika mtsempha pafupi? Lili ndi puloteni yotchedwa HIF, imene imapangidwa nthawi zonse n'kumaphwanyidwa nthawi yomweyo malinga ngati okosijeni alipo wokwanira. Okosijeni akachepa, kuphwanyako kumaima, HIF imaunjikana, imalowa kumene kuli DNA n'kutsegula majini ambirimbiri, kuphatikizapo la VEGF. Mtsempha ukafika, mpweya umabwerera, HIF imaphwanyidwanso, mfuu imaleka. Gregg Semenza, Peter Ratcliffe ndi William Kaelin analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa chofotokoza dongosolo limeneli.

Pakati pa chotupa pamakhala pobanika nthawi zonse, motero mfuu ya VEGF siileka. M'khansa zina zinthu zimafika poipa kuposa apo. Khansa ya impso yofala kwambiri imataya jini lotchedwa VHL, limene puloteni yake ndi imene imaika chizindikiro pa HIF kuti iphwanyidwe. Selo lotere limakhala likukuwa kuti labanika ngakhale mpweya uli mbwee, ndipo n'chifukwa chake zotupa za mtundu umenewu zimadzaza ndi mitsempha.

Mitsempha yobadwa mwa njira imeneyi si yabwino. Imakhala yokhotakhota, pena yotakata pena yopanikizika, yochucha, ndipo magazi amayenda modukizadukiza. Mu mluza muli lamulo loletsa chipwirikiti chotere. Selo limene lamva VEGF mwamphamvu limakhala mtsogoleri pansonga ya mphukira ya mtsempha, ndipo limatsegula jini lotchedwa Dll4, limene limauza maselo oyandikana nalo kuti inu khalani pambuyo, mumange thunthu. Mu 2006 ofufuza atatseka Dll4 mu mbewa za zotupa, mitsempha inachuluka zedi, koma zotupazo zinakula pang'onopang'ono, chifukwa aliyense anafuna kutsogolera ndipo mitsemphayo sinkayendetsa magazi. Kuchuluka kwa mitsempha si kuchuluka kwa mpweya.

Kufunafuna chizindikiro cha mtsempha wa chotupa

Ngati mtsempha wa chotupa uli ndi majini otseguka amene mtsempha wamba ulibe, ndiye kuti mankhwala angathe kulunjika pamenepo osakhudza thupi lonse. Mu 2000 Brad St Croix, m'labotale ya Bert Vogelstein ndi Kenneth Kinzler ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, anapatula maselo a endothelium m'matumbo aakulu abwinobwino ndi m'khansa ya matumbo aakulu ya anthu, n'kuwerenga RNA ya mbali zonse ziwiri. Anapeza majini 46 amene anali otseguka kwambiri m'mitsempha ya chotupa. Odziwika mwa iwo anapatsidwa dzina lakuti TEM ndi manambala.

Chaka chotsatira gulu lomwelo linayang'ana majini amenewa mu mbewa. TEM1, TEM5 ndi TEM8 anapezeka otseguka kwambiri m'mitsempha ya zotupa za mbewa, ndipo m'ziwalo za mbewa yaikulu yathanzi anali osaoneka kapena ongopezeka m'mitsempha yowerengeka. Koma panali malo enanso amene ankaoneka mochuluka: m'mitsempha ya mluza umene ukukula. Mwa anthu, ambiri mwa majini omwewa anaonekanso pabala limene likupola. Chotupa sichinapeke nyimbo yatsopano. Chinangotsegulanso masamba amene thupi linaimba lisanabadwe n'kuwatseka.

Zimenezi zili ndi ubwino ndi vuto lake. Ubwino ndi wakuti munthu wamkulu safunikira kwambiri majini amenewa tsiku ndi tsiku. Vuto ndi lakuti mankhwala olimbana nawo angakhudzenso bala, chiberekero ndi mwana wosabadwa. Pofuna kulekanitsa ziwirizi, mu 2007 gulu la St Croix linagwiritsa ntchito chiwindi cha mbewa, chimene chimameranso chikadulidwa mbali yaikulu. Anayerekeza mitsempha ya chiwindi chomeranso ndi mitsempha ya zotupa za m'chiwindi, ndipo anapeza majini 13 otseguka m'zotupa koma osati m'chiwindi chomeranso. Limodzi mwa iwo, CD276, likufufuzidwabe ngati malo olunjikapo mankhwala. Nkhani ya ma TEM oyamba aja inakhotanso mosayembekezeka. TEM8 inadziwika mu 2001 kuti ndi khomo limene poizoni wa matenda a anthrax amalowera m'selo, ndipo TEM1 inapezeka kuti imakhala makamaka m'maselo okuta mtsempha kunja, osati oyala mkati.

Mbewa inachira, nanga munthu?

Mu 1993 gulu la Ferrara linabaya mbewa zokhala ndi zotupa za anthu antibody, puloteni ya chitetezo cha m'thupi, yomanga VEGF, ndipo kukula kwa zotupazo kunachepa kwambiri ngakhale kuti mankhwalawo sankapha maselo a khansa mwachindunji. Labotale ya Folkman inapeza angiostatin mu 1994 ndi endostatin mu 1997, mapuloteni amene ankafotetsa zotupa za mbewa. Mu May 1998 nyuzipepala ya New York Times inaika nkhaniyi patsamba loyamba, ndipo odwala ambiri anakhulupirira kuti mapeto a khansa afika. Folkman mwiniwake anachenjeza kuti zimene anali atachiritsa ndi mbewa. Atayesedwa mwa anthu, mapuloteni awiriwo sanachite zimene anachita mu mbewa.

Antibody ya Ferrara ija inasinthidwa kuti igwirizane ndi thupi la munthu, n'kukhala mankhwala a bevacizumab, ogulitsidwa ndi dzina la Avastin. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linawavomereza mu February 2004 pa khansa ya matumbo aakulu imene yafalikira. Pa kafukufuku amene anatsegula njira, odwala olandira mankhwalawa pamodzi ndi mankhwala ena a khansa anakhala ndi moyo miyezi 20.3, poyerekeza ndi miyezi 15.6 kwa olandira enawo okha, tikatenga wodwala wa pakatikati. Miyezi pafupifupi isanu si yochepa kwa banja limene likudwazika, ndipo sindingaipeputse. Koma si kuchira. Pa khansa ya m'mawere, FDA inachotsa chilolezo mu 2011 itaona kuti mankhwalawa sankatalikitsa moyo.

Zifukwa zake zikumveka tsopano. Chotupa choikidwa pansi pa khungu la mbewa chimakula m'masabata ochepa, mitsempha yake yonse ndi yanthete ndipo imadalira VEGF. Chotupa cha munthu chakhala zaka, mitsempha ina yakhwima. Ukatseka VEGF, chotupa chimatsegula majini ena oitanira mitsempha, monga a banja la FGF, kapena chimangoyanga pa mitsempha imene ilipo kale, monga zimachitikira m'mapapo, m'chiwindi ndi muubongo. Rakesh Jain wa ku Boston anabweretsa lingaliro lina mu 2001, lakuti phindu la mankhwalawa mwina si kupha mitsempha, koma kuchepetsa mfuu mpaka mitsempha yokhotakhota ija iwongoke kwa kanthawi, kuti mankhwala ena afike mkati mwa chotupa. Tabwereranso ku nkhani ya mlingo ija.

Mavuto amene mankhwalawa amabweretsa nawonso anafotokozedwa ndi mbewa. Odwala ena magazi amathamanga, mapuloteni amatayikira mu mkodzo, mabala amachedwa kupola. Gulu la Susan Quaggin ku Toronto linachepetsa VEGF m'maselo osefa magazi a mu impso za mbewa, ndipo impsozo zinawonongeka mofanana ndi za odwalawo. Zinafanananso ndi impso za amayi oyembekezera amene ali ndi matenda a preeclampsia, aja amayambitsa kuthamanga kwa magazi, kutupa, ndipo akakula, kukomoka. Mu 2003 gulu la Ananth Karumanchi ku Boston linasonyeza kuti pa matenda amenewa nsengwa imatulutsa Flt-1 yochuluka yoyandama m'magazi, imene imameza VEGF ya mayi. Ndi khutu lomeza mfuu lomwe lija la mu mluza wa mbewa. Kumene kutseka VEGF kwapambana koposa ndi m'maso: kuyambira cha mu 2006, jakisoni wa m'diso wateteza anthu ambiri ku khungu lobwera chifukwa cha mitsempha yochucha kuseri kwa diso, pa ukalamba ndi pa matenda a shuga.

Khansa imene ife timaidziwa bwino

Nkhani imeneyi si ya ku Boston kokha. Khansa ya Kaposi, ija imatulutsa zigamba zakuda pakhungu, m'kamwa, ndi kutupitsa miyendo, ili m'gulu la khansa zofala kwambiri ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, makamaka mwa abambo ndi mwa anthu amene ali ndi HIV. Moritz Kaposi anaifotokoza ku Vienna mu 1872, koma chimene chimaiyambitsa chinapezeka mu 1994, pamene Yuan Chang ndi Patrick Moore ku New York anazindikira kachilombo ka HHV-8. Pa khansa iyi mitsempha sikuti ikungodyetsa chotupa. Maselo a chotupacho ali ndi zizindikiro za maselo a mitsempha, ndipo mtundu wa zigambazo umachokera ku magazi otayikira m'timipata ta mitsempha yosamalizika.

Kachilomboka kali ndi majini akeake amene amakakamiza selo kutulutsa VEGF. Ofufuza atalowetsa limodzi mwa majiniwa, lotchedwa vGPCR, mu mbewa, zinatuluka zotupa zofanana ndi za Kaposi. Pali chinanso. Thupi lili ndi mitsempha ya mitundu iwiri, ya magazi ndi ya madzi otchedwa lymph, amene amachotsedwa m'minofu kuti isatupe. Mu 1999 Guillermo Oliver ndi Jeffrey Wigle ku Memphis anasonyeza kuti mluza wa mbewa wopanda jini la Prox1 supanga n'komwe mitsempha ya lymph. Jini limeneli ndi limene limauza selo la mtsempha wa magazi kuti lisinthe ntchito. Mu 2004 zinaoneka kuti HHV-8 ikalowa m'selo la mtsempha wa magazi wa munthu imatsegula Prox1 yemweyo, selolo n'kukhala losokonezeka, la uku ndi uku. Wofufuza amene ankawerenga masiku a mluza wa mbewa sankaganiza za wodwala wa miyendo yotupa pa benchi ya chipatala cha boma, koma jini limene ankalitsata ndi lomwelo.

Chithandizo cha Kaposi kwathu kuno chimayambira pa ma ARV, chifukwa chitetezo cha m'thupi chikabwerera chimapondereza kachilomboka ndipo zigamba zochepa zimatha kufota. Matenda akafalikira pamafunikanso mankhwala a khansa monga paclitaxel, kapena bleomycin ndi vincristine. Munthu akaona chigamba chakuda chosapweteka chimene sichikuchoka, pamwendo kapena m'kamwa, apite kuchipatala akayezetse chisanayambe kutupitsa mwendo.